Zikhomo Zofiira za Edwina

Bolton,
England.
20 Malichi, 2016.

Okondedwa achemwali Esnath,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kwathu ku Bawi. Ine kuno thupi lili bwino, kupatula bondo lija mumalidziwali. Kalata yanu ya mu Januwale inandipeza, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Kuyankha ndiye kunandikanika. Chifukwa chake muchimva tsopano, koma muyambe mwakhala pansi.

Munalemba kuti amayi a kutchalitchi ayamba kale kuphunzira nyimbo za mu Julaye, zodzalandirira Edwina akadzabwera ndi gauni ya udokotala wa maphunziro. Achemwali, nyimbozo ziyambe zaima. Edwina savala gauni chaka chino. Sanalephere ayi, mwana amene munalera inuyo sadziwa kulephera. Wachititsa ndine, bambo wake. Pafoni ndakhala ndikungozungulira, kukuuzani za mvula ndi za mabasi, ndiye ndati bola ndilembe, chifukwa pepala silimudula munthu pakamwa.

Choyamba ndikonze bodza langa. Paja kumudziko ndinkauza anthu kuti Edwina akuphunzira zochiza nyama. Si choncho. Ntchito yake ndi ya mbawala za kuno, zimene eni ake amati diya. Ndi nyama zazikulu, zofiirira, msinkhu wake ngati ng'ombe yaing'ono, ndipo zamphongo zili ndi nyanga za nthambi ngati mtengo wouma. Zimakhala kumapiri a kumpoto, ulendo wa maola awiri pagalimoto kuchoka kuno. Akuti kale chisanu chinkapha ana a mbawalazi ambiri chaka ndi chaka. Masiku ano chisanu chafooka, ana akupulumuka, mbawala zikuchuluka n'kumadya mitengo yaing'ono yonse. Ndiye eni mapiri amaombera zina chaka chilichonse, ndipo amafuna munthu wowauza kuti m'phiri muli zingati, kuti adziwe zoombera zingati. Munthu ameneyo ndi Edwina wanu.

Nanga nyama yothawa munthu ungaiwerenge bwanji? Amawerenga ndowe zake, achemwali. Musaseke. Ndi timibulu ngati ta mbuzi, tokulirapo pang'ono.

Nditafika kuno mu Okutobala, mwanayu ndinamupeza ataonda, khosi ngati la nkhuku ya chitopa. Chakudya chake buledi ndi tiyi, maso ali pa kompyuta. Ndiwo zamasamba za m'masitolo a kuno n'zokongola, koma ukatafuna umangomva madzi. Tsono inu mukundidziwa. Zaka makumi atatu ndinakhala ndikulima maluwa ndi ndiwo m'nyumba za mabwana ku Thyolo, pamene inu munkandilerera mwana amayi ake atatisiya. Kusukulu sindinamuperekezepo, yunifolomu sindinamuchapirepo. Ndinati mumtima, chimene ndimadziwa ndi dothi. Mlendo ndi mame, mu Epulo ndidzapita, koma ndimusiyire kadimba kuseri kwa nyumba, aziti akathyola mpiru azikumbuka kuti ali ndi bambo.

Nyumba za kuno n'zogundizana ngati mano, ndipo kuseri kuli kabwalo ka miyala koti mphasa ziwiri sizingakwane. A Thompson, Mmalawi mnzathu wa ku Zomba amene amasamalira okalamba kuno ndipo timapemphera limodzi, anandipatsa zidebe zakale ndi mbewu ya mpiru. Dothi tinagula la m'matumba. Nditalinunkhiza ndinati, ili si dothi, lilibe fungo. Likufuna manyowa. Koma mu Bolton muno khola ulipeza kuti?

Masabata awiri aliwonse Edwina ankapita kuphiri, ndipo ankanditenga kuti ndisamangokhala ndekha m'nyumba. Kumeneko kulibe mtengo wautali, ndi udzu wofiirira basi, mipanda ya miyala, ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Iye anali atakhoma zikhomo makumi asanu ndi limodzi, chilichonse chili ndi kansalu kofiira ndi nambala. Makumi atatu zinali m'munsi, motsatira mpanda, makumi atatu pamwamba pa phiri. Patsinde pa chikhomo chilichonse panali kamulu ka ndowe. Tikafika, ankayenda chikhomo ndi chikhomo, kugwada, kuwerenga timibulu, kujambula, kulemba m'buku. Akatha za m'munsi ankandisiya potsamira mpanda ndi fulasiki ya tiyi chifukwa cha bondoli, iye n'kukwera.

Ndiye taganizani, munthu wofuna manyowa wasiyidwa yekha maola awiri pakati pa timilu ta manyowa, toikidwa bwino, tokhala ndi mbendera kuti ngakhale wa maso okalamba asavutike kufuna. Kwathu mlangizi akabwera kudzawerenga mapesi kapena mbuzi, akalemba m'buku mwake n'kupita, zotsalazo zimakhala zako. Ine ndinaona kuti zawerengedwa, zajambulidwa, zalembedwa. Zimene zatsala pansi ndi ndowe chabe. Ndinatulutsa kathumba ka mpunga kamene ndinkayenda nako m'chikhoti, n'kuyamba kutola.

Ndinkatola mwaluso, achemwali, ndipo apa ndi pamene pandipweteka. Sindinkakokola ndi dzanja lonse. Ndinkatola kamodzikamodzi ndi zala, osathyola udzu, osagwedeza chikhomo, monga ndinkachitira m'maluwa a mabwana. Pena ndinkasiyako tiwiri titatu tofumbwa, tosathandiza. Munthu wobwera pambuyo sakanadziwa kuti padutsa dzanja.

Mufunsa kuti bwanji sindinamuuze. Sabata yanga yoyamba kuno ndinatola mpando wabwinobwino umene wina anataya pamsewu, n'kubwera nawo kunyumba pamutu. Edwina anachita manyazi kwambiri. Anati, "Ababa, kuno sititola zinthu. Anthu akuyang'ana pamawindo." Ndiye ndinati, ngati mpando unamuchititsa manyazi, nanga ndowe m'galimoto ya yunivesite? Ndinkamanga kathumbako kawiri, n'kukabisa pansi pa chikhoti. Ndinachita zimenezi maulendo asanu ndi awiri.

Mwina munamva pawailesi za mvula ya kuno ya mu Disembala, imene inamiza nyumba za anthu. Chisanu sichinabwere konse, kunali kofunda ngati kwathu mu Meyi. Ndinkaona Edwina akafika pa zikhomo za m'munsi akuima, kugwira m'chiuno, kujambula pansi popanda kanthu, nkhope ikuwala. Ankaika kamulu kena katsopano n'kulemba. Ine ndinkati wakondwa kuti papita ukhondo. Anayamba kudya bwino, kuimba m'bafa. Ndinati mwana wasangalala kuti bambo wake ali pafupi.

Zinaululika Lamulungu lina kumapeto kwa Januwale. Titaweruka kutchalitchi ku Manchester, tinapita kukadya kwa a Thompson. Iwo aja n'ngoseka, anayamba kumuputa.

"Iwe Edwina, anzako anabwera kuno kudzakhala manesi ndi maloya. Iwe ndege yonse ija unakwerera kudzawerenga manyi a mbuzi za azungu? Ku Ntcheu zinatha mbuzi?"

Edwina anaseka. "Ankolo, inu mumasintha matewera a azungu, ine ndanenapo kanthu?"

Nyumba yonse inafa nacho chiseko. Kenako a Thompson anati, "Chabwino, wandigonjetsa. Koma tatiuza m'Chichewa, timve. Umatani kwenikweni?"

Achemwali, aka kanali koyamba kumva mwana wanga akufotokoza ntchito yake m'chilankhulo chathu. Anatenga nyemba m'mbale n'kuziyala pathebulo. Anati, mukapeza ndowe zambiri m'phiri, sizitanthauza kuti nyama n'zambiri, mwina ndowezo n'zakalekale, zangochedwa kuola. Ndiye uyenera kudziwa kuti kamulu kamodzi kamatenga masiku angati kuti kathe kokha. N'chifukwa chake amaika kamulu katsopano pa chikhomo, n'kukasiya osakakhudza, n'kumabwera kudzaona mpaka katatha.

"Chaka chatha kunazizira," anatero, "ndowe zinkakhala miyezi inayi. Chaka chino kwafunda, ndipo m'munsi mwa phiri, mmene muli mofunda kwambiri, zikutha m'masabata awiri kapena anayi. Sizinaonekepo, ankolo! Ndiye ngati ndowe zikutha msanga chonchi koma tikuzipezabe m'phiri, ndiye kuti mbawala zilipo zambiri kuposa mmene aliyense ankaganizira."

Anawonjeza kuti aphunzitsi ake, a Pulofesa Laura, akondwa kwambiri, kuti akakamba zimenezi pamsonkhano waukulu wa anthu ophunzira, ndiponso kuti mwini phiri atamva nambala yatsopanoyo walamula kuti mbawala zazikazi zoombera chaka chino zikhale makumi asanu ndi awiri m'malo mwa makumi anayi.

Ine ndinabweza nyama m'mbale. Mukundidziwa, pamaliro ndi paukwati pomwe amandiitana ine kuti ndiyankhule, ndipo amachita kundikoka malaya kuti ndikhale pansi. Tsiku limenelo a Thompson anachita kufunsa kuti, "A Ngozo, mwadwala? Wailesi yathu yatha mabatire?" Ndinangoti bondo. Safunsa anadya phula, achemwali, ndipo ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Tsopano ndifike pa tchimo lenileni. Kutola kuja kunali kusadziwa. Koma nditadziwa ndinakhala chete masabata atatu.

Lachitatu lake ndinapita kwa a Thompson tili awiri, n'kuwauza zonse. Poyamba anaseka mpaka kutsokomola, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anatseka chitseko.

"Wina akudziwa?"

"Inu nokha ndi Mulungu."

"Ndiye zithere pomwepa. A Ngozo, mwanayu wavutika zaka zinayi. Mukayankhula, mwamuphera zonse. Kuno munthu wakuda akalakwitsa kamodzi sayiwalika. Mungosiya kutolako, basi. Mbawala sizikasuma kukhoti."

Mawu amenewo anandikomera, sindinama. Ndinasiya kutola, n'kumadziuza kuti mwina zikonzeka zokha. Koma nambala inali itapita kale, ndipo kuphiri mfuti inkalira.

Woombera mbawala kuphiri kuja ndi mzungu wina dzina lake James, mlonda wa nyama, wamkulu ngati ine ndemwe, wa manja okhakhala. Tinkagwirizana, iye ndi Chingerezi chake chothamanga, ine ndi changa cha ku Thyolo. Pakati pa Febuluwale Edwina anapita kunyumba imene amasendera nyama, chifukwa pa mbawala iliyonse yophedwa amatengapo nsagwada kuti adziwe zaka zake, ndi impso kuti aone mafuta. Ine ndinalowa nawo. Zinali zitapachikidwa zisanu ndi imodzi, mitu pansi, zonse zazikazi. Pathebulo la chitsulo panali tinthu tina tonyowa, togonekedwa mundandanda. Nditayandikira ndinaona kuti ndi ana ochotsedwa m'mimba, aliyense ngati kamphaka, timakutu tathunthu, tiziboda tofewa, maso otseka. Edwina ankawaika pasikelo mmodzimmodzi n'kulemba.

Paja atate ankati mlenje akapha nyama ya bere asalowe nayo m'mudzi masana. Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja.

Edwina anandiona. Anati, "Ababa, inenso zimandipweteka. Koma zikachuluka zimadya mitengo yonse, kenako zimafa ndi njala, imfa yoipa kuposa iyi. N'chifukwa chake nambala iyenera kukhala yoona."

James anatuluka panja kukasuta, ine n'kumutsatira. Anayang'ana kuphiri nthawi yaitali, kenako anati, "Mister Overton, phiri ili ndaliyenda zaka makumi atatu. Mbawala zimene zili papepala la mwana wanu ine sindikuziona. Masiku ano ndikumayenda tsiku lonse kuti ndipeze ziwiri. Koma mwina maso anga akalamba. Iye ndi wophunzira, ine sukulu ndinathawa."

Achemwali, munthu woona bwino ankakana maso ake chifukwa cha kathumba kanga ka mpunga. Ndinafunsa kuti zakwana zingati. Anati makumi asanu ndi limodzi kudza imodzi, zatsala zisanu ndi zinayi, ndipo mawa m'mawa abwereranso.

M'galimoto pobwerera ndinayesa kawiri kutsegula pakamwa, koma msewu unali wa malole othamanga, ndinaopa kuti angagwedezeke. Titangofika, asanavule n'komwe nsapato zamatope, ndinati, "Nangozo, tabwera kuseri kuno." Dzina la mfunda limenelo ndimamuitana nalo pa zinthu zazikulu zokha, ndiye anabwera osafunsa. Ndinavundukula chidebe chimene ndinkaoletseramo manyowa. Pamwamba panali timibulu tina tisanafumbwe.

Anayang'ana. Anatola kamodzi, kukatembenuza m'zala.

"Ababa, izi mwazitenga kuti?"

"Pa zikhomo zako. Za m'munsi."

"Pafupi ndi zikhomo?"

"Ayi. Pa zikhomo penipeni."

Anakhala pansi pakhonde ponyowa, ndi buluku lake lomwelo. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Kangati?"

"Maulendo asanu ndi awiri. Kuyambira Novembala."

"Munadziwa liti kuti n'zolakwika?"

Apa ndikanatha kunama, kunena kuti lero lomwe. Ndinati, "Tsiku lija kwa a Thompson."

Anawerenga ndi zala, milomo ikuyenda. "Masabata atatu," anatero. "Ababa, masabata atatu James wakhala akuombera."

Anatulutsa foni. Ine ndinkayesa aimbira aphunzitsi ake, kapena inuyo kuti akulirireni. Anaimbira James. Ndinamva akuti asapitenso kuphiri mawa, nambala ija njolakwika, afotokoza bwino. Atadula, ine ndi kupusa kwanga ndinabwereza mawu a a Thompson. Ndinati, "Mwanawe, mfuti yaima, basi. Zinazo akudziwa ndani? Ungokhala chete mpaka uvale gauni."

Anandiyang'ana ngati mmene munkandiyang'anira inu ndikabwera kuchokera ku Thyolo chimanjamanja. Anati, "Azakhali sanandilere choncho." N'kulowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo, pafupifupi mwezi wathunthu, mwana wanga ankandiyankhula m'Chingerezi chokha. Mwaulemu ndithu, chakudya ankandiikira, mankhwala a bondo ankandikumbutsa, koma m'Chingerezi, ngati ndine nkhalamba yachilendo imene waipatsa mpando m'basi. Ndatukwanidwapo ndi mabwana ine, koma sizinandilase chonchi.

Tsiku loti akauze a Pulofesa Laura ndinati ndipita nawo. Anakana, ine ndinavala suti n'kukaima pakhomo. Ndinafunsanso kumene ndingagule nkhuku yamoyo, poti kwathu munthu sapepesa chimanjamanja. Anangopukusa mutu. Tinakwera sitima mpaka kuyunivesite ku Manchester.

A Laura ndi mayi wa imvi, wamfupi, ofesi yake yodzaza ndi nyanga ndi mabuku. Edwina anafotokoza yekha, ataimirira, osandiloza ngakhale kamodzi. Ankangoti, "Ndinalakwitsa, sindinawauze bambo anga ntchito ya zikhomo." Ine ndinalowerera ndi Chingerezi changa chothyoka, ndinati, madamu, mwanayu alibe mlandu, wakuba ndine. Mayiyo anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena china. Kenako anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndingakumbuke zikhomo zimene ndinatolapo ndi masiku ake.

Apo ndiye anafunsa mwini wake. Manambala sindinawasunge, koma malo ndinawasunga. Ndinayamba: ulendo woyamba, tsiku limene kunagwa matalala, ndinatola kuyambira pa geti mpaka pa mwala wong'ambika, kusiya chikhomo cha pachithaphwi chifukwa ndinaopa kunyowetsa nsapato. Ulendo wachiwiri, tsiku limene nkhosa inatsekeredwa mu waya, chakutichakuti. Edwina ankatanthauzira, akutsata ndi chala pa mapu. Zonse zinagwirizana ndi buku lake, chikhomo ndi chikhomo. Pamene ankati ndowe zatha ndi kufunda, panali pamene padutsa ine.

Chigamulo chinali ichi. Za pamwamba pa phiri n'zabwino, sindinafikeko. Za m'munsi za chaka chino zonse n'zotaya. Popanda zimenezo ntchito yake siikwana, ndiye ayenera kudikira nyengo yozizira ina, kukhomanso zikhomo, kuyambiranso. Ndi chaka chathunthu. Analembera a msonkhano uja kuti sabweranso, analemberanso mwini phiri. Mwini phiriyo anakwiya, anati asadzapondenso, mpaka James anachita kukamupepesera. Ndamva kuti kuyunivesiteko ena akumuseka m'makonde. Iye sanandiuze, anandiuza ndi a Thompson, amenenso masiku ano akundizemba maso.

Mbawala makumi awiri ndi imodzi, zopitirira pa makumi anayi aja, zinafa zosayenera kufa, zambiri zili ndi bere. Mwa zimenezo, khumi ndi zinayi zinafa m'masabata atatu amene ine ndinkadziwa. Ndinamufunsa James kuti andiuze mosabisa, ndipo anandiuza. Chaka cha Edwina chidzabwerera. Izi sizidzabwerera.

Loweruka lapitali anandidzutsa m'mawa kuti tipite kuphiri kukazula zikhomo za m'munsi. Ine ndinkazula, iye ankamasula tinsalu n'kuponya m'thumba. Mphepo inali yoopsa. Titafika pa mwala wong'ambika uja anaima, ndipo mosayembekezera anayankhula m'Chichewa.

"Bwanji simunandifunse, ababa? Miyezi yonseyi mukundiona ndikugwada pa ndowe, osafunsa n'kamodzi komwe kuti mwanawe ukutani?"

Ndinati, "Ndinkaopa kuti ungandiyankhe zoti sindingamve, n'kuonekera kuti bambo wa dokotala ndi mbuli. Nanga iwe bwanji sunandiuze? A Thompson unawayalira nyemba pathebulo. Ine sunandiyalirepo."

Anapinda kansalu kofiira m'zala. Kenako anati, "Ndinamva kuti kumudzi mumauza anthu kuti ndimachiza nyama. Ndinadziwa kuti mukuchita manyazi. Ndiye ndikanayamba bwanji kukuuzani kuti ayi, ndimawerenga ndowe?"

Achemwali, ndinakhala pamwala paja. Ine ndinkabisa umbuli wanga, iye ankabisa ntchito yake, aliyense kuopa mnzake, ndipo pakati pathu panagwa nyama makumi awiri ndi imodzi. Ndinamuuza kuti bodza lija ndinalipeka chifukwa sindinkadziwa chonena anthu akandifunsa, osati chifukwa cha manyazi. Sindikudziwa ngati anakhulupirira. Sindikudziwanso ngati n'zoona zonse.

Sanati ndakukhululukirani, ndipo ine sindinapemphe kuti anene. Koma anakhala pambali panga, kutsekereza mphepo, n'kuyamba kundifotokozera kuyambira pachiyambi: chifukwa chake zikhomo zina zili pamthunzi zina padzuwa, tizilombo timene timadya ndowe, mmene mvula imazisungunulira. Ine ndinafunsa mafunso ngati mwana wa sitandade wani. Ndinamuuzanso kuti ndowe ya pa udzu wautali imachedwa kuola kusiyana ndi ya pa dothi, chifukwa siigunda pansi. Anandiyang'ana, n'kutulutsa buku, n'kulemba. Tikutsika, tinaona mbawala zinayi patali, zitaima pamzere kutiyang'ana. Zinayi zokha m'chigwa chonse chija.

Tsono zopempha zanga ndi izi. Muwauze amayi aja kuti za mu Julaye zasunthira chaka chamawa, Mulungu akalola. Chifukwa chake musawauze inu. Ndinyamuka kuno pa 9 Epulo, ndipo Lamulungu loyamba ndikafika ndidzapempha mpata kutchalitchi, ndidzaimirire ndekha, ndidzanene ntchito yeniyeni ya Edwina ndi zimene ndinachita ine. Adzaseka, ndikudziwa, nkhaniyi idzafika mpaka ku Balaka, ndipo ana adzandipatsa dzina. Asekeni ine. Koma pasapezeke munthu wonena kuti mwana wa kwa Ngozo anapita kunja n'kukalephera.

Chachiwiri, Edwina akakuimbirani foni musamufunse za gauni. Mumufunse za mbawala zake, kuti zilipo zingati, zikudya chiyani, zibereka liti. Adzadabwa, koma adzayankha, ndipo mudzamva nokha mmene mawu ake amasinthira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mankhwala a maso aja ndawapezera. Moni kwa Khumbo ndi ana ake, ndi kwa a Newton oyandikana nanu, amene ndikudziwa kuti adzaseka kuposa onse. Mukapita kumanda kukalambula, mukaime pang'ono pa amayi ake a Edwina, mukawauze kuti mwana wawo ndi woona mtima kuposa bambo wake. Ineyo ndidzapita ndikadzalimba mtima.

Inu achemwali, munalera mwanayu ndi manja anu zaka zonse zija, osamubweza m'mbuyo ngakhale tsiku limodzi. Ine mwandibwereka miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndamudyera chaka. Ndikadzatsika basi pa Bawi musadzandichingamire ndi nthungululu. Mudzabwere nokha, mudzandikalipire mmene mungafunire njira yonse mpaka kunyumba. Ndidzakhala chete.

Ndine mlongo wanu,
Overton.